Chigongono cha Apongozi

Francistown, Botswana
12 Febuluwale 1990

Wokondedwa mlamu wanga Aida,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, adada pamodzi ndi kamwana kathu Chikomeni. Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha, ndipo ntchito ya unesi siipereka mpata. Nanga achimwene anga a Foster akumabwerako kuchokera ku Chikangawa, kapena macheka a matabwa anakulandani mwamuna? Mundiuze zonse, musandibisire.

Kalata yanu ya mu Disembala yandisowetsa mtendere. Mwati adada amangokhala pakhonde tsiku lonse, chakudya akungolawa, ndipo chimwalirire amama sanaimbepo ngakhale kamluzu. Mlamu, munthu uja ndi wa nyimbo. Anakalambira pa limba la kutchalitchi, lija lopopa ndi mapazi, mpaka mawondo anakana. Nyimbo zimene anapeka ndi amama sizinalembedwe paliponse, zili m'mutu mwawo ndi m'zala basi. Nyamakazi ndimaidziwa ine. Zala zija zikapitiriza kukhala chabe ziuma, ndipo nyimbo zipita nazo. Adada akasiyiratu kuimba, ndikuopa kuti nawonso sitikhala nawo.

Ndiye ndawagulira limba lamagetsi. M'sitolo kuno amati sinthesaiza, ena amangoti kiyibodi. Silifuna kupopa, ndipo m'mimba mwake muli mawu ambirimbiri: limba la m'tchalitchi, lipenga, chitoliro, ngakhale ng'oma. Ndalipereka kwa a Stafford a ku Edingeni, aja amayendetsa lole, pamodzi ndi wailesi ya kaseti yojambulira ndi matepi. Akasiya zonse ku Mzimba boma, pa golosale ya mlongo wawo. Poti kwathuko kulibe magetsi, limayendera batire ya galimoto. Mukaitenge pa galaja ya pafupi ndi depoti, ndawalembera kale.

Ndapota, mlamu, muliike pamalo oyenera adada, muwapezerenso mpando wabwino. Chimene ndikufuna n'chimodzi: aimbe, inu mujambule, nyimbo za amama zisatayike.

Mundipsompsonere Chikomeni pachipumi.

Ine mlamu wanu,
Esme

*

Kwa Ziba, P.O. Embangweni
21 Malichi 1990

Alamu anga okondedwa,

Moni wochokera kwa ife tonse. Tili bwino, mvula yakula ndipo chimanga chabereka. A Foster anabwera kumapeto kwa Janyuwale, utuchi uli mbuu m'tsitsi, anagona kamodzi n'kubwerera. Inu muli bwanji ndi odwala anu?

Katundu wafika! Ndinapita ndekha ku boma, Chikomeni kumbuyo, khadi ya chipani nditamanga pa mfundo ya chitenje poti pa depoti anyamata aja saphethira. M'basi anthu ankandifunsa ngati m'katonimo muli chitseko. Batire ndinaisenza kuchokera pamsewu, madzi ake anadontha n'kundiboolera chitenje changa cha ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Musadandaule, chinali chitatopa kale.

Malo oyenera ndawapeza. Ndinaganiza kuti chinthu cha adada, chochokera kunja, sichingakhale pansipansi ngati mtondo. Ndachotsa wailesi pamwamba pa kabati ya mbale pabalaza, pansi pa chithunzi cha amama, ndipo limba ndaliika pamenepo. Ndalilukira kansalu ka maluwa. Mpando ndawakokera sofa ija anapatsidwa popuma ntchito, yofewa kuposa yonse m'mudzi muno. Alendo akalowa amayamba apereka moni ku limba asanapereke kwa ife.

Mukudziwa kuti kuno mkamwana sayankhulana ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Kwathu ku Mponela timapewana nawo ndithu, koma kwanu kuno ndi pena. Kale amama ndi amene ankatilumikiza. Tsopano mthenga wathu ndi Chikomeni, munthu amene alibe ndi dzino limodzi lomwe. Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti, “Chikomeni, uwauze agogo kuti katundu wa azakhali ako wakonzeka.” Adada anamuyang'ana mwanayo, ali dovu chuchuchu, n'kunena mosakaniza ndi Chitumbuka chawo kuti, “Chikomeni, uwauze anyoko kuti yewo chomene.”

Anakhala pa sofa n'kumira, manja ali m'mwamba ngati akuyanika zovala. Kenaka anaimirira, n'kuyamba nyimbo ija ya Pasaka. Alamu, ndinalira kukhitchini. Koma isanafike pakati, chala chinagunda kabatani kena, m'nyumba n'kubuka ching'oma cha kumowa, nkhuku zonse balalabalala. Anafunafuna pozimitsira osapaona, timalemba take n'tating'ono. Pobwerera m'mbuyo phazi linakola waya, zonse zii. Mwamwayi anagwira chitseko.

M'mawa mwake ndinapeza atalivundikira ndi kansalu kaja, iwo ali pakhonde monga kale. Mpaka lero sanalikhudzenso. Ndikuganiza kuti nyimbo ija inawakumbutsa amama. Tiwapatse nthawi, kapena inu mukuona bwanji?

Ndine mlamu wanu,
Aida

*

Kwa Ziba
2 Epulo 1990

Mwana wanga Esme,

Monire. Ine ndili makora. Cholembera chikundivuta kugwira, ndiye ndakhala m'nyumba pafupi ndi zenera ndikuyankhula ndekha, ndipo ndikumva kuti panja pali munthu wina amene akulemba. Ndikuyankhula Chichewa poti munthuyo Chitumbuka amachimva koma akachilemba chimatuluka chopunduka.

(Akunena ine, alamu. Ndili pa mphasa kuseri kwa zenera.)

Limba lafika. Ndi labwino chomene. Mawu ake ndi oyera, silipuma befu ngati lakale lija. Anyina Chikomeni analiika pamalo aulemu waukulu, ngakhale m'busa sanandilemekezepo chotero. Analilukira nsalu, anasenza batire pamutu mpaka kuwononga chovala chawo. Palibe chimene chalakwika, ndipo munthu asawadandaulitse.

Pakali pano ndikulipumitsa. Layenda ulendo wautali, mayiko atatu. Nanenso phewa likundiwawa pang'ono ndi msana, koma ndi ukalamba, mbwenu.



Usataye mtima, mwana wanga. Nyimbo za anyoko ndikuzikumbuka zonse, kupatula imodzi ya ukwati imene ndime yake yachiwiri yandithawa sabata yatha. Mwina ibwerera.

Ng'ombe ija yamathotho yabereka. Ubwera liti kudzationa?

Ndine wiso,
Yoram Ziba

*

Francistown
24 Epulo 1990

Mlamu Aida,

Makalata onse awiri afika tsiku limodzi. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino, ndakwiya, ndipo sindibisa.

Ndinati malo oyenera, sindinati guwa! Kabati ija imandifika ine pachifuwa. Munthu wa nyamakazi angaimbe bwanji manja ali kudenga, kapena chiimire ndi mawondo aja? Phewa limene akunenalo si ukalamba, ndi kabati yanu. Ndipo inu munalemba nokha ndi dzanja lanu osamva chimene akutanthauza? Kodi limba ndinagulira adada, kapena ndinagula chokongoletsa pabalaza kuti azimayi anzanu azichita nacho kaso? Ndime imodzi yathawa kale. Tidikire kuti zithawe zingati?

Mverani tsono, ndipo muchite monga ndikulembera. Limba lichoke pabalaza, lipite m'chipinda chopanda phokoso. Mpando ukhale wolimba, wopanda mikono, woti mapazi aponde pansi bwinobwino. Adada akhale pampandopo, manja atawatsitsa, inu mutenge tepi yoyezera ya pa makina osokera a amama, muyeze kuchokera pansi kufika pa chigongono chawo. Tebulo likhomedwe lotsikirapo pang'ono pa muyeso umenewo, kuti makiyi a limba alingane ndi chigongono. Kuwala kuchokere m'mbali, osati kumaso. Mawaya onse adutse kukhoma, pasakhale ndi umodzi womwe poponda munthu. Batire ikhale pansi pa tebulo, wailesi ya kaseti kudzanja lamanja, pofikira osadzuka.

Zonsezi zikuyambira pa chigongono. Mukalakwitsa pamenepo mwalakwitsa zonse, choncho muyeze kawiri.

Mundiyankhe msanga.

Esme

*

Kwa Ziba
10 Juni 1990

Alamu,

Moni. Tili bwino, takolola, ndipo Chikomeni watulutsa mano awiri. Ndachedwa kuyankha dala. Kalata yanu inali yotentha, ndinaiika pansi pa mphasa kuti iyambe yazizira. Zoti ndinkafuna kudzionetsera kwa azimayi anzanga zinandipweteka kwambiri. Za kabati ndavomera, safunsa anadya phula. Koma ndikanafunsa yani, poti mwini wake sindiyankhula naye?

Ndiye mwati ine, mkamwana wa pakhomo pano, nditenge tepi ndikagwire chigongono cha apongozi anga. Alamu, mwakhalitsa kunja! Ine amene ngakhale malaya awo pochapa ndimawanyamulira m'beseni? Ndinalembera a Foster kuti abwere adzayeze okha, akuti ku macheka ntchito yachuluka mpaka mwezi wa mawa. Ndinapita kwa a Kingstone, kalipentala wa pa mphambano uja, iwo anagwira pakamwa. Akuti, “Mama, ine ndikalowa pakhomo pa munthu wamkulu ndi tepi m'manja, mudzi wonse udziwa chimene ndikukhoma. Mukufuna azimayi ayambe kutunga madzi a maliro?”

Nzeru inabwera ndikuwapatsa madzi osamba m'manja. Adada anali pa mpando wawo wa pakhonde, uja wa matabwa. Nditagwada n'kukhalira zidendene, ndinaba ndi kangodya ka diso, n'kuona kuti chigongono chawo chalingana ndi chibwano changa. Mawa lake ndinayang'ananso, poti munati kawiri. Ndiye ndinapita kwa a Kingstone, n'kugwada pakati pa utuchi, iwo n'kundiyeza kuchokera pansi kufika pachibwano. Anthu opita kuchigayo anaima kuonerera. Pofika madzulo inali itamveka kuti ndimapepesa mlandu.

Chipinda ndasankha chija amama ankasokeramo, zenera lake lili kumanzere ndipo dzuwa la m'mawa limalowa bwino. Ndinachita mantha kukhudza makina awo. Ndinatuma Chikomeni kuti apemphe kwa adada. Pochokera kudimba ndinapeza atawakankhira okha pakona n'kuwafunditsa.

Tebulo lakhala bwino, miyendo yake a Kingstone anaisiya yotalikirana kuti mawondo alowe. Mpando ndi womwe uja wa pakhonde, ndangoikapo mtsamiro kumsana. Mawaya ndawayendetsa m'mbali mwa khoma ndi misomali yopinda. Batire ili m'kabokosi pansi pa tebulo, pa thabwa, kuti ndiziikoka mosavuta popita nayo ku boma kukatchajitsa. Wailesi ya kaseti ili pa kashelefu kumanja. Za timabatani tosaoneka tija ndachita zanga: pa batani la mawu a m'tchalitchi ndamatapo njere ya chimanga ndi ulimbo, pa lozimitsira ndamatapo nyemba. Chala chimapeza chokha popanda magalasi.

Analowa Lachitatu m'mawa. Anakhala, n'kuika manja pa makiyi, mapewa n'kutsika okha. Anauza Chikomeni kuti, “Uwauze anyoko kuti tebulo ili likundidziwa.” Ndinasangalala ngati mwana, alamu.

Koma chimwemwe chake chinali chachifupi. Dzanja lamanja likuthamanga bwino, lamanzere likukana. Zala zitatu zapindika, ndipo akalikakamiza limanjenjemera mpaka m'phewa. Nyimbo ikutuluka ya mwendo umodzi. Anayesa, anayesanso, kenaka analiyang'ana dzanjalo n'kunena chapansipansi kuti lafa. Tsiku limenelo sanadye. Sindinajambule kanthu.

Chipinda chakonzeka, woimba ndiye wasweka mtima. Nditani tsopano?

Mlamu wanu,
Aida

*

Francistown
28 Juni 1990

Mlamu wanga wokondedwa,

Pepani, pepani chomene. Ndinalemba ndi mkwiyo wa munthu amene ali kutali ndipo sangathe kuchita kanthu. Inu mukusenza mabatire, ine ndikungotuma pakamwa. Nkhani ya chibwano ndawerengera anzanga kuntchito, mmodzi mpaka anakhala pansi ndi kuseka. Ndakutumizirani chitenje cholowa m'malo mwa chobooka chija, chibwera ndi a Stafford.

Dzanja silinafe. Muziwapatsa madzi ofunda aviikemo m'mawa uliwonse, koma asalikakamize. Pakali pano limbalo lili ndi nzeru yake. Kumanzere kwenikweni kuli batani lobiriwira. Mukalidina, kiyi imodzi ya mbali imeneyo imatulutsa mawu onse a dzanja lamanzere, ndi chala chimodzi chokha. Nyimbo zambiri za adada zimangofuna makiyi atatu kapena anayi otere. Ndiye pafunika munthu wachiwiri wokhala kumanzere kwawo, adada aziimba ndi lamanja, iye azidina pamene auzidwa. Funsani a kwaya, sangakane.

Mundiuze ngati akudya. Nanga ndime ija yabwerera?

Wanu,
Esme

*

Kwa Ziba
5 Ogasiti 1990

Alamu anga,

Moni kwa inu. Chitenje chafika, zikomo kwambiri, n'chokongola moti ndikuopa kuchivala. Kuno kukuzizira, koma tonse tili bwino. Khalani pansi musanapitirize, nkhani ilipo.

A kwaya ndinawafunsa. Aamuna ali kalikiliki ndi fodya, ndiye anabwera anali a Keziya, amayi amasiye aja amaimba mawu apamwamba. Anakhala nawo m'chipinda theka la tsiku. Kudina sanadine zolongosoka, akuti magetsi amawaopa, koma kucheza ndiye anacheza, ndinkamva manong'onong'o ndili panja. Ndime yothawa ija anawakumbutsa ndi iwo.

Atalephera a Keziya ndinati ndiyese ndekha. Kukhala pambali pa adada sindingathe, mukudziwa. Ndiye ndinadula bango lalitali kudambo, kunsonga n'kumangako kansanza. Makiyi anayi aja ndinawaika timadontho ta utoto. Ndimagwada pakhomo la chipinda, n'kutambasula bango, adada akagunda phazi pansi ine n'kusintha kiyi. Musaseke, zinayenda ndithu mizere iwiri. Koma bango ndi bango, limagwedera. Pena ndadina kiyi ya eni, pena ndachedwa, mkono nawo uli kuwawa. Lolemba lapitali linaterereka n'kukagunda batani la ng'oma, kenaka n'kuwagwetsera magalasi. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Adada anatola magalasi awo, anayang'ana bangolo nthawi yaitali, n'kutuluka.

M'mawa mwake anavala jekete n'kupita okha kwa a Kingstone, ndi mawondo omwe aja. Dzana kwafika benchi. Msinkhu wake ndi wofanana ndi mpando, koma ndi yaitali, ya anthu awiri, yopalidwa bwino ndi yopaka vanishi. Mpando auchotsa, aikapo benchiyo. Si zokhazo. Atuma munthu ku boma kukagula duku latsopano, ndaliona ndi maso anga pansi pa Baibulo. Agula nkhuku yathadzi yoyera, aimangirira kuseri kwa nkhokwe. Ndipo aitanitsa a Keziya kuti abwere Loweruka atavala bwino.

Alamu, ine si mwana. Benchi ya awiri, duku, nkhuku, ndi mayi wamasiye. Adada akufuna kukwatira! Bango langa lawatopetsa, aona kuti kuli bwino apeze munthu amene angakhale naye pafupi mwalamulo. A Foster sindinawauze, ndikuopa angagwere pa macheka.

Kunena zoona mtima ukundiwawa. Chipinda chija ndi cha amama, ndipo ndinachikonza ndi manja anga. Sindinaganize kuti ndikukonzera munthu wina. Komabe a Keziya si munthu woipa, ndipo ngati ndi njira yoti adada aimbe ndi kudya, ine ndine yani? Andiuza kudzera kwa mthenga wathu kuti Lowerukalo batire ikhale yodzadza ndi tepi yatsopano ikhale mu wailesi. Ndidzajambula, ndiyo ntchito munandipatsa.

Mundipempherere ndisadzaonetse nkhope yoipa.

Aida

*

Francistown
20 Ogasiti 1990

Mlamu,

Kalata yanu yafika lero, ndiye kuti Loweruka lija lapita kale ine osadziwa kanthu. Ndagwira ntchito ngati wodwala ndine. A Keziya?! Amama sanathe ndi zaka ziwiri zomwe m'manda! Walira mvula walira matope, limba ndinatumiza ndine. Ndapota, lembani lero lomwe. Ngati zachitika mundiuze mosazungulira, ndipemphe tchuthi ndibwere.

Esme

*

Kwa Ziba
3 Sepitembala 1990

Alamu,

Tonse tili bwino, ndipo adada akudya mpaka kupempha ndiwo zina. Tchuthi pemphani ndithu, koma osati cha mlandu. A Stafford akunyamuka mawa, ndiye ndawapatsa tepi iyi. Ndayesa kulemba zimene zinachitika, mapepala awiri ndang'amba. Ingomverani nokha, kuyambira poyamba penipeni. Batani lojambulira ndinalidina msanga, ndisanabwerere pakhomo, ndiye zalowa zambiri zosafunika. Ndinafuna kuzifufuta koma adada akaniza.

Mlamu wanu,
Aida

*

Francistown
16 Sepitembala 1990

Aida, m'bale wanga,

Tepi yafika dzulo. Ndinathamanga nayo kunyumba ndi yunifolomu, nsapato osavula, mtima uli m'mwamba kuti ndimva adada akufunsira mbeta.

Poyamba ndikumva mapazi anu akuchoka pa wailesi, kenaka nkhuku ikulira. Ndiye a Keziya akukonza kukhosi, n'kuyamba kuyankhula ngati ali pa bwalo. Akuti mwambo uwu ukanachitika kale, ndipo woyenera kuuyendetsa anali amama, koma matenda anawatsogolera. Akuti mkamwana akakhala pakhomo, nasunga nyumba, nasunga munthu, apongozi amamupatsa nkhuku ndi chovala kumutu kuti amasuke, asakhalenso mlendo. Iwo abwera ngati mboni chabe, m'malo mwa mnzawo amene anagona. Mlamu, ukwati wanu uja ndi umenewu? Ndinaseka misozi ili mbwee, anansi mpaka anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Kenaka mawu a adada. Ndinali nditaiwala kuti amanjenjemera chonchi akafuna kulira. “NyaMbewe,” akutero. Dzina lanu, kukuitanani inu mwini. “NyaMbewe, mwana wane, taya bango ilo. Zanga kuno, bwera, khala apa.”

Ndiye zii. Alamu, munakhala chete nthawi yaitali bwanji! Ndinayesa tepi yaduka, mpaka ndinaigwedeza wailesi. Ndikungomva tambala patali ndi munthu akufwenthera, sindikudziwa ngati ndinu kapena a Keziya. Ine kuno ndikukuwa ndekha kuti dzukani, mayi inu, dzukani! Kenaka mapazi, pang'onopang'ono. Kenaka benchi ija ikulira kuti kwee, ndipo kamawu kakang'ono kakuti, “Ndakhala, adada.”

Nyimbo yoyamba ndi ya ukwati ija, ndime zonse zilipo. Pa mzere wachitatu munadina kiyi yolakwika, inamveka ngati ng'ombe yalowa m'tchalitchi. Ndinagwira mpweya kuopa kuti asiya. Koma adada anaseka. Anaseka chikhakhali chawo chija cha m'mimba, chimene ndinachimva komaliza amama ali moyo, n'kunena kuti, “Palije kanthu, mwana wane. Tiyambireso.”

Mwajambula nyimbo zambiri, ndaona mwalemba maina ake pa chikuto. Mundikhululukire, sindinazimve. Chifikire tepiyi ndikungoibweza pamene adada akuseka, ndipo ndikuopa kuti ndiidula. Mundijambulire ina, ndipo zolakwika musamafufute.

Tchuthi andipatsa mu Disembala. Muwauze adada kuti ndikubwera. Muwauze nokha.

Ine wanu,
Esme